Ndinapita ku Blantyre kukaona mwana wanga ali m'bala

Kakanema kaja kanazungulira Chintheche yense ine ndisanakaone. Kanayambira m'mafoni a anyamata a pamsika, kenako kanalowa m'mafoni a amayi a kumpingo. Pofika kwa ine n'kuti aliyense atamuona kale mwana wanga Wezi atavala kasiketi kolekeza m'ntchafu, botolo la mowa lili m'manja, akuseka pamiyendo pa bambo wina wa mimba yaikulu. Kanali kachidutswa chabe kotsatsira filimu imene gulu lawo la zisudzo linajambula ku Blantyre. Kumapeto kwake analemba kuti filimu yonse aionetsa Loweruka masana m'holo ina mumzindamo.

Ine kwathu ndi ku Ntcheu. Ndinabwera kunyanja kuno kudzagwira ntchito yochapa ndi kusita pa loji ina ku Kande, ndinakwatiwa konkuno, ndipo amuna anga ndinawaika konkuno. Wezi ndi mwana wanga yekhayo. Anapita ku Blantyre kukaphunzira zosoka, ndipo zoti walowa gulu la zisudzo anandiuza yekha pafoni. Zoti m'filimumo ndi mtsikana wa m'bala, zimenezo sanandiuze.

Lachinayi madzulo kunabwera alamu anga, a Manda, akulu awo a malemu amuna anga. Ndi mkulu wa mpingo, ali ndi mabwato awiri, ndipo mudzi wonse umawatcha Ada Manda, monga aitanira bambo wolemekezeka kunyanja kuno. Mpando ndinawapatsa koma sanakhalepo.

"Mlamu, mawa ndikupita ku Blantyre kukamutenga mwana. Afike kuno chinthu chija asanachionetse."

"Ndiye tiyendera limodzi," ndinatero.

"Zili bwino. Mawu a mayi wake awamva msanga."

"Ine sindikukamutenga, alamu. Ndikukaonera filimu."

Anandiuza kuti amayi a kumpingo akambirana kale zoti ndiyambe ndaima pa kwaya kufikira nkhaniyi itatha, ndipo ndikakapezeka m'holomo ndiye kuti ndadzitsekera ndekha khomo. Ndinawayankha kuti amayiwo aona mphindi imodzi ya filimu n'kuweruza mlandu wonse, ndiye ine amene ndinabereka munthuyo ndikufuna ndione mphindi zotsalazo.

M'mawa mwake tinakumana pamsewu pa Chintheche. A Manda anali atavala jekete lawo la kutchalitchi, atanyamula kathumba ka ufa wa kondowole ndi jumbo ya usipa wouma. Munthu wokakalipira mwana, koma atamutengera ndiwo. Minibasi inalipo kale, injini ikulira ngati inyamuka pompo, koma anthu amene anakhala m'katimo ambiri anali oitanira, ongodzazitsa mipando kuti tikopeke. Inapita mpaka pa mlatho, n'kubwerera kumsika, n'kupitanso. Tinanyamuka dzuwa litakwera, titapanikizana anayi anayi, kondakitala atatiuza kuti mtengo wakwera chifukwa cha mvula, ngati mvulayo imagwera m'thanki. Pa Kande ndinaona anzanga a kuntchito akudikira galimoto ya mkate, ndipo mmodzi anandibayibitsa mobisa.

Pa Dwangwa minibasi inati yafika, sipitirira. Tinakwera basi yaikulu ya ku Salima, yakale koma yokhala ndi kanema pamwamba pa dalaivala. Ine ndi alamu tinapeza mpando umodzi, ndipo kutsidya kwa kanjira kunakhala mayi wina wonenepa, wa mawu aakulu, amene anakweza matumba a mpunga m'malo a katundu a kunsi kwa basi. Anati ndi Nyachirwa wa ku Limphasa, akukagulitsa mpunga ku Salima.

Basi itangodutsa minda ya nzimbe, kondakitala anaika filimu ya nkhondo. Msilikali wina wachizungu analowa yekha m'nkhalango kukapulumutsa anzake, ndipo aliyense wokumana naye ankagwa. Pamwamba pa Chingerezi panali mawu a mnyamata womasulira m'Chichewa, amene ankawonjezera zakezake. Msilikali akaponya bomba, iye ankati wawatumizira kadzutsa. Ndinamva mpando ukugwedezeka. A Manda, amene anakwinya nkhope chichokereni kunyumba, anali akuseka mapewa okha.

"Akondakitala, tatichotserani zophanazi," anatero Nyachirwa. "Ya ku Nigeria mulibe?"

"Zija za misozi?" anayankha a Manda asanafunsidwe. "Munthu ayamba kulira filimu ikuyamba, gawo lachiwiri akulirabe. Iyi ndiye filimu, amama. Woipa akudziwika, wabwino akudziwika, ndipo woipa alandira zake lero lomwe."

"Nanga mukuphunzirapo chiyani? Kuombera? Ine sabata yatha ndinaonera ya apongozi amene anakwirira mankhwala pakhomo pa mkazi wa mwana wawo. Ndinalephera kudya. Zimene zija zimachitika, ndinazionapo kwathu."

"Filimu si sukulu. Mwera ukawomba, mabwato ali pamtunda, ine ndi anyamata anga timafuna choiwalitsa mavuto. Mavuto a apongozi tili nawo kale kunyumba."

Basi yonse inagawanika. Amuna a kumbuyo anati karate ndiye weniweni chifukwa munthu amamenya ndi manja ake, osati mfuti. Mtsikana wina wa yunifolomu ya unamwino anati iye amakonda za ku India, zovala ndi magule, ngakhale samva chilankhulo. Agogo ena aamuna anafunsa ngati anthu akugwawo amadzukanso akamaliza kujambula. Nyachirwa anatembenukira kwa ine.

"Inu asisi, mwangoti duu. Mumakonda ziti?"

Ndinamuuza kuti pa loji timaonera za ku Nigeria nthawi yopuma, ndipo zambiri zimanditopetsa chifukwa aliyense amakhala m'nyumba yosanja. Imene inandigwira mtima posachedwa inali ya mayi wogulitsa tomato amene mwana wake ankachita naye manyazi. Inali yosajambulidwa bwino, koma mayiyo ndinamudziwa, ngati tinakhalapo pa benchi imodzi kuchipatala.

Kenako ndinatsitsa mawu kuti amve alamu okha. "Msilikali wa m'filimuyu wapha mudzi wathunthu chichokereni pa Dwangwa, inu mukuseka. Wezi wangogwira botolo."

"Uyu si mwana wa mng'ono wanga. Palibe amene akudziwa kwawo." Kuseka kuja kunali kutathera pomwepo. "Mlamu, inu munabwera kwathu muli wamkulu kale. Kunali munthu wina dzina lake Longwe, ankakhala Yudasi pa sewero la Pasaka kutchalitchi chifukwa anali ndi ndevu. Munthu wabwino, sanabepo ngakhale mbedza. Anamwalira akutchedwa Yudasi, ndipo ana ake mpaka lero ndi ana a Yudasi. Anthu akwathu sasiyanitsa sewero ndi moyo. Wezi adzafuna banja. Adzabwerera kumudzi tsiku lina. Mng'ono wanga anandisiyira mwana ameneyu m'manja."

Sanali kunama. A Longwe ndinawapeza ali moyo, ndipo nanenso ndinkawatchula dzina lomwelo osadziwa kuti ali ndi lina. Koma ndinaganiza kuti olakwa pa nkhani ya a Longwe sanali a Longwe, ndipo ndinawauza choncho.

Pa Nkhotakota tinaima nthawi yaitali, akuti dalaivala wapita kukadya. Ndinagula chinangwa chokazinga ndi mazira owiritsa, ndinagawira alamu, analandira. Titanyamuka, kondakitala anagonjera Nyachirwa n'kuika ya ku Nigeria, koma disiki inali yokalika. Mkwatibwi ankangofika pakhomo la tchalitchi, n'kuuma, n'kubwerera m'galimoto, n'kufikanso pakhomo pomwepo. Amuna a kumbuyo anati ngakhale makinawo aikana.

Sitinapite patali. Tisanafike ku Benga tinapeza mzere wa malole ndi maminibasi utaima. Pamalopo mlatho unali ukukonzedwa, magalimoto ankadutsa kanjira kongopatutsa kolowa mumtsinje, ndipo mvula ya kumapiri inali itadzaza mtsinjewo. Anati tidikire madzi aphwe. Tinatsika n'kukabisala dzuwa pansi pa mitengo ya mango. Anthu a m'mudzi wapafupi anabwera ndi nzimbe ndi chimanga chootcha, mitengo yake ya mtauni. Wina anabaya kamtengo m'mphepete mwa madzi kuti tizionera ngati akutsika, ndipo aliyense ankapita kukakayang'ana n'kubwera ndi yankho lakelake. Ine mtima unali pa Loweruka. Ndinaimbira Wezi, foni sinalowe.

Mumthunzi mwathu munali bambo wina wa jekete lachikopa, wogulitsa mabatire ndi machaja a foni, amene anakwera pa Nkhotakota. Mkangano wa mafilimu utayambiranso, iye anati tonse tikutsalira, masiku ano kuli mafilimu a konkuno ku Malawi, ndipo ali ndi kena katsopano. Anatulutsa foni, amuna anaunjikana. Nyimbo yake ndinaizindikira isanathe n'komwe kuyamba, ndipo kenako ndinamva kuseka kwa mwana wanga.

"Taonani kamtsikana aka," anatero bamboyo. "Aka si sewero ayi. Kagwiridwe ka botolo kakuchita kuonetsa kuti ndi ntchito yake. Amangopita m'mabala n'kukatola, n'kuwapatsa ya sopo."

Amuna aja anaseka, wina anati abwereze. A Manda anandigwira pamkono.

"Khalani chete, mlamu. Palibe akutidziwa pano."

Ndinachotsa mkono wanga n'kuimirira. Ndinayenda mpaka pamene panali foniyo.

"Bambo, mtsikana ameneyo ndi mwana wanga. Dzina lake ndi Wezi, kwawo ndi ku Chintheche, ndipo amaphunzira zosoka. Sanatoledwe m'bala. Ngati mwakhulupirira kuti ndi wa m'bala, ndiye kuti ntchito imene anamupatsa waigwira bwino. Ndikupita ku Blantyre kukaonera filimu yonse. Inu mwaonera mphindi imodzi."

Ena anayang'ana pansi, wina anabwerera kukayang'ana kamtengo kaja. Koma mwini foni sanafune kuchita manyazi pagulu.

"Ndiye mayi ake ndinu? Mukunyadira zimenezi? Mwana wolongosoka sangakhale pamiyendo pa mwamuna dziko lonse likuona. Paja amati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, kaya kumeneko akukulira m'dziwe lanji."

Sindinaone nthawi imene a Manda anaimirira. Ndi munthu wamfupi, koma manja awo ndi a munthu amene wakoka makoka moyo wake wonse. Anaika dzanja limodzi paphewa pa bamboyo, mwaulemu ndithu.

"Ada, bwezani foni m'thumba."

Foni inabwerera m'thumba. Pobwerera pamalo pathu a Manda anandiuza osandiyang'ana kuti sanachitire filimu, achitira dzina la mng'ono wawo, ndipo zimene zachitikazi ndi zomwe akhala akunena. Ndinati inenso ndi zomwe ndakhala ndikunena.

Nyachirwa anasendera pafupi nane, nandipatsa kachidutswa ka nzimbe. Anandiuza motsitsa mawu kuti asanayambe geni ya mpunga anagwirapo ntchito m'bala pa Dwangwa, amuna ake oyamba atamuthawa.

"M'mafilimu mtsikana wa m'bala amangoonetsedwa usiku, akuseka," anatero. "Mukakaonera, mudzandiuze ngati aonetsa m'mawa wake, pamene umakolopa pansi mutu ukuwawa, mwana ali kumsana. Akaonetsa zimenezo, ndidzagula disiki yake ngakhale ilibe mfiti."

Madzi anayamba kutsika dzuwa litapendeka. Malole anawoloka, ndipo dalaivala wathu anati tonse tiwoloke wapansi kuti basi ipepuke. Tinagwirana manja, madzi akulekeza m'mawondo. A Manda anavula nsapato, anapinda buluku, anasenza kathumba ka kondowole pamutu, jekete la kutchalitchi lili pathupi. Pakati pa mtsinje anaterereka pamwala. Iwo sanagwe, koma kathumba kanapita, ndipo tinangoona mzere woyera ukutsetsereka ndi madzi. Usipa unapulumuka chifukwa unali ndi ine.

Basi inabwera pambuyo pathu mwamphamvu, inafika pakati, inatsokomola kawiri, n'kuzima. Amuna anaikankha mpaka kumtunda, koma injini inali itamwa madzi. Kondakitala anasowa kwa kanthawi, ndipo atapezeka anati ndalama ali nazo ndi dalaivala, dalaivala anati ali nazo ndi kondakitala. Nyachirwa anakhala pa sitepe ya basi n'kunena kuti sachokapo, ndipo pamapeto pake dalaivala ndi kondakitala anatilipirira lole ya chimanga imene inatitenga tonse pamwamba pa matumba. Tinafika ku Salima kutada, fumbi lili m'makutu. Nyachirwa anatsala pomwepo ndi mpunga wake wonyowa theka. Ife tinagona pa resitihausi ya pafupi ndi depoti.

Loweruka tinalawirira. Minibasi ya ku Balaka inadzaza msanga, koma inkaima paliponse pamene munthu waimika dzanja, ngakhale wongopereka moni. Pa Golomoti anakweza mbuzi ziwiri pansi pa mpando wathu, ndipo imodzi inadya ngodya ya jumbo ya usipa. Pa Balaka tinasinthanso. Pa Zalewa apolisi anatitsitsa tonse kuti aone katundu. A Manda ankangoyang'ana wotchi. Iwo ankafuna kufika filimu isanayambe kuti akaletse, ine ndinkafuna kufika isanayambe kuti ndisaphonye poyambira, ndiye kwa nthawi yoyamba pa ulendo wonse tinkakalipira dalaivala mogwirizana.

Tinafika paholo anthu akulowa kale. Wezi anali pakhomo atavala diresi lalitali la chitenje limene anasoka yekha. Atationa anaima chilili, kenako anabwera n'kugwada pamaso pa a Manda, pa simenti pomwepo, anzake akuona.

"Ada, mwabwera."

"Tenga katundu wako, tikupita kwathu."

"Ndamva, Ada. Koma sindipita. Mukaonera n'kupeza kuti ndachita chonyansa, ndidzabwera ndekha kudzapepesa kumpingo. Lowani muone kaye."

A Manda anati phazi lawo silingaponde m'menemo. Ine ndinagula tikiti, ngakhale Wezi ankati ndilowe ulere, ndipo ndinakakhala kutsogolo.

Ndinene zoona, filimuyo inali ndi zolakwika zambiri. Mawu ankamveka patali, pena tambala ankalira kuposa anthu, ndipo panali abusa ena amene analalikira nthawi yaitali mpaka anthu anayamba kuyang'ana mafoni. Nkhani yake inali ya mtsikana amene amuna ake atamwalira, achibale a mwamunayo anamulanda mwana, iye n'kuyamba ntchito m'bala kuti apeze ndalama zokasumira kukhoti. Zimene Nyachirwa ankafunsa zinalimo, kukolopa ndi kutsuka matambula m'mawa. Ndipo panali malo ena pamene mtsikanayo akusita kadiresi ka mwana wake amene kulibe. Anatenga simbi ya makala n'kuiyandikiza patsaya kuti amve kutentha kwake, monga ndimachitira ine, monga Wezi ankandionera ali wamng'ono atakhala pansi pa tebulo kuntchito kwanga. Palibe wina m'holomo amene anadziwa kumene anazitenga. Pamenepo ndinaiwala tambala uja.

Titatuluka ndinamuuza Wezi kuti kasiketi kaja kanali kafupi mopyola muyeso, ndipo abusa aja awadule. Iye anati abusawo ndi amene anabwereka gulu lawo kamera. Tinakangana pang'ono za mathero ake, iye akuti ndi oona, ine ndikuti anafulumira. Ndinamufunsanso, maso ndi maso, ngati m'botolo muja munali mowa. Anati munali tiyi wozizira, ndipo ndinasankha kumukhulupirira.

A Manda tinawapeza atakhala pa khonde la sitolo kutsidya kwa msewu. Mlonda wa paholo anandinong'oneza kuti bambowo anaima nthawi yaitali pa zenera la m'mbali, khutu lili pa magalasi, mpaka iye anawachotsapo chifukwa analibe tikiti. Sindinawauze kuti ndamva. Anamupatsa Wezi usipa wotsala kwa mbuzi uja, anamuuza kuti nkhaniyi sinathe, ndipo anakagona kwa mnzawo ku Ndirande.

Sinathedi. Pa kwaya anandiimitsa, ndipo mpaka lero pali amayi ena amene amandipatsa moni wa pakamwa pokha. Koma zimenezo zinabwera pambuyo. Lamulungu tinakwera basi yobwerera, ine ndili ndi disiki ya filimuyo m'chikwama. M'basimo kanema anali wakufa, ndipo tinadutsa Lunzu, Zalewa, Balaka. Tikuyandikira Salima, a Manda anakonza kukhosi, maso ali pawindo.

"Mwana uja, anamubwezera mayi wake?"

"Mwana uti, alamu?"

"Mukudziwa amene ndikunena."

"Khomo la holo linali lotsegula," ndinatero. "Ndikapempha mwini vidiyo wa pamsika pa Chintheche kuti aionetse Loweruka likubwerali. Mukafuna kudziwa, mudzalipire pakhomo ngati wina aliyense."